Galimoto ya Magetsi, Chisanu ndi Misewu ya ku Ntchisi

Aliyense amene adasungako galimoto ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwa kuti miyezi ya Juni ndi Julayi ili ndi zowawa zake, pakuti pamene nkhungu yagona pa nkhalango ya Ntchisi kufikira dzuwa litakwera, ndipo mphepo yochokera kumwera yawomba usiku wonse pa zitunda za Kongwe, batire limene dzulo lake lidaliza injini mosavuta limangobuula m'mawa, mwini wake nayamba kufunafuna anyamata oti amkankhe kutsetsereko. Chotero sindidabwa kuti pamene mbiri ya magalimoto oyendera magetsi okhaokha yafika pa Mponela, pa Malomo ndi paboma pomwe, anthu olingalira afunsa funso limodzi lomwelo: ngati kabatire kolizira injini kafooka ndi chisanu chathu chino, nanga galimoto imene moyo wake wonse uli m'batire idzatani? Funsoli si lachibwana, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa, makamaka m'masiku ano pamene anthu agona m'mizere ya mafuta, ndipo kwacha, imene idagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ikulephera kugula petulo wokwanira wodzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Koma kuti tiliyankhe bwino, tiyenera kuyamba tapita kwa eni ake a chisanu, kumene madzi a m'nyanja amauma nakhala mwala kwa miyezi inayi kapena isanu.

Choyamba tivomereze chimene chili choona, pakuti kubisa matenda sikuchiza: batire la galimoto ya magetsi limafookadi likazizidwa. M'kati mwake muli timadzi timene tizidutswa ta lithium timasambiramo, kuchoka mbali ina kunka mbali ina, ndipo kuyenda kwa tizidutswato ndiko kumatulutsa mphamvu yotembenuza mawilo. Timadzi timeneti tikazizira timalimba monga achitira uchi wa m'nkhalango ya Ntchisi m'botolo m'mwezi wa Juni, umene sunachepe ngakhale pang'ono, koma ukana kutsika msanga kufikira utautenthetsa. Momwemonso mphamvu ili m'batiremo ndithu, koma ituluka mwaulesi, ndipo ilowa mwaulesi koposa. Batire lotere limakondwa pakati pa madigiri 15 ndi 35, ndipo kunsi kwa ziro kulitchaja mwachangu kumaliwononga, chifukwa lithium, m'malo molowa m'malo mwake, imamatirira kunja ngati chitsulo, ndipo chilema chimenecho sichipola. N'chifukwa chake kompyuta ya m'galimoto imakaniza dala magetsi ambiri kulowa kufikira batire litafunda. Woyendetsa amene sadziwa zimenezi amayesa kuti makina otchajira afa, pamene galimoto ikungodziteteza.

Komabe wakuba wamkulu wa mphamvu si kuzizira kwa batire ayi, koma kufunda kwa munthu. Injini ya petulo ndi ng'anjo yowononga: mwa mphamvu yonse ya mu lita imodzi, magawo awiri kapena atatu mwa anayi amangotayika monga kutentha, ndipo m'dziko lozizira kutentha kotayikako ndiko kumafunditsa okwera kwaulere. Mota ya magetsi siwononga chotero, ndipo chifukwa cha ukoma wake womwewo ilibe kutentha kotsala koti igawire; digiri iliyonse ya kufunda m'kati mwa galimoto iyenera kugulidwa ndi makilomita. Lingalirani kuti lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yolingana ndi mayunitsi pafupifupi 9 a magetsi, ndi kuti Nissan Leaf yoyamba, imene idatuluka mu Disembala 2010, idali ndi batire la mayunitsi 24 okha, ndiko kunena kuti mphamvu yosafika ngakhale malita atatu. Pamenepo mudzaona kuti hita imene imadya mayunitsi atatu kufikira asanu pa ola limodzi si mlendo woti n'kumpeputsa. Bungwe la oyendetsa magalimoto la ku America lotchedwa AAA lidayesa zimenezi mu 2019, ndipo lidapeza kuti pa madigiri 7 kunsi kwa ziro mtunda umene galimoto ingayende udachepa ndi magawo 12 pa 100 hita ili yozima, koma ndi magawo 41 pa 100 hita itayaka. Akulu akale adanenetsa kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Onjezanipo kuti mpweya wozizira ndi wolemera kuuboola, ndi kuti matayala a m'chisanu poyenda m'chipale chofewa amakoka kwambiri, ndiye kuti mwaona kumene makilomita amathera.

Ambiri a ife nkhaniyi idatifika kudzera m'zithunzi za ku Chicago za mu Januwale 2024, pamene kuzizira kudatsika kufika madigiri 20 kunsi kwa ziro, ndipo eni magalimoto a Tesla adaima maola ambiri pa malo otchajira, ena mpaka magalimoto awo kuchita kukokedwa. Zithunzizo sizidaname, koma sizidanene zonse. Amene adavutika koposa adali anthu opanda potchajira kunyumba, ena a iwo onyamula anthu pa malipiro, amene adafika pa makinawo batire lili lozizira ndi lotsala pang'ono kutha. Tsono galimoto iliyonse idatenga nthawi yaitali poyamba yadzifunditsa, makina ena adazizidwa naleka kugwira ntchito, ndipo mzere udakula kufikira amene adali kumbuyo adathera mphamvu yawo yotsala pa kudzifunditsa ali chidikirire. Ine ndiona kuti tsoka limenelo lidali la kusowa pogonera ndi potchajira, loposa la chisanu chenichenicho.

Umboni wake uli ku Norway, dziko limene mbali yake ina ili m'chigawo chimene dzuwa silituluka konse pakati pa nyengo yachisanu. Kumeneko, mwa magalimoto atsopano onse ogulidwa mu 2024, pafupifupi 89 pa 100 adali a magetsi okhaokha, ndipo m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho magalimoto a magetsi a pamsewu adaposa a petulo kuchuluka. Anthu amenewa sadagonjetse chisanu ndi mankhwala, ndipo sabisa kuti chimawadyera mtunda: bungwe lawo la NAF limasonkhanitsa magalimoto atsopano nyengo yachisanu, nawayendetsa kuchokera ku Oslo kulowera kumapiri kufikira iliyonse itaima yokha, ndipo pa mayeso a mu 2020, a magalimoto 20, mtunda udachepa ndi magawo 18.5 pa 100 poyerekeza ndi umene opanga adalonjeza. Chimene adachita ndi kuphunzira mwambo wa chinthucho. Ochuluka amatchaja kunyumba usiku, ndipo m'mawa galimoto imadzifunditsa yokha, batire ndi mipando yomwe, idakali yolumikizidwa kukhoma, kotero kuti mtengo wa kufunda ulipidwa ndi magetsi a m'nyumba osati ndi batire. Paulendo wautali amauza galimoto pasadakhale kumene akatchaje, kuti iyambe kutenthetsa batire isanafike. Amakonda kufunditsa mpando ndi chiwongolero, zimene zimadya magetsi ochepa ngati babu lakale, m'malo motenthetsa mpweya wonse. Ndipo magalimoto ambiri tsopano ali ndi makina ofanana ndi a firiji koma ogwira ntchito chobwerera, amene amatunga kutentha kwa panja nakulowetsa m'kati, napereka kufunda kowirikiza kawiri kapena katatu pa yunitsi imodzi; Leaf idalandira makinawa mu 2013, ndipo Tesla idayamba nawo pa Model Y mu 2020, ngakhale kuti mphamvu yawo imachepa kuzizira kukanyanya.

Tisaiwalenso kuti galimoto ya mafuta nayo siyenda mwaufulu m'maiko amenewo. Dizilo amaundana natseka mapaipi, oilo amalimba, ndipo ku Canada, ku Finland ndi ku Alaska anthu akhala akulumikiza magalimoto awo a petulo ku magetsi usiku kwa zaka makumi ambiri kuti injini isazizidwe, kotero kuti m'malo oimikapo magalimoto mudali kale mizati ya masoketi galimoto ya batire isanabwere. Iyi ndi nkhani yaing'ono, koma ikuonetsa kuti maiko ozizira adali atayala kale mphasa mlendoyu asanafike. Boma la Norway nalo lidachotsa misonkho pa magalimotowa, kuphatikizapo VAT mu 2001, ndipo lidatha kutero chifukwa ndi dziko lolemera ndi mafuta a pansi pa nyanja, limene pafupifupi magawo 9 mwa 10 a magetsi ake achokera ku mathithi. Wofuna kutsanzira Norway ayambe wawerenga zimenezi.

Tsopano tibwerere kwathu. Boma la Ntchisi lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa mu Julayi kuzizira kumatsika kunsi kwa madigiri 10; m'madambo a ku Dedza ndi pa Nyika chisanu chimawauladi mbewu nthawi zina. Kwa mwana wopita kusukulu wopanda juzi kuzizira kumeneku ndi kowawa, ndipo sindikupeputsa. Koma kwa batire la lithium ndi kanthu kochepa, koti kangachotse makilomita owerengeka m'mawa, dzuwa likakwera n'kuiwalika. Kabatire kamene kamatikankhitsa magalimoto ndi ka mtundu wina, ka mtovu ndi asidi, ndipo ntchito yake ndi kutembenuza injini yolemera ya oilo wolimba pa kamphindi kamodzi. Galimoto ya magetsi ilibe injini yoti itembenuzidwe chotero, ngakhale ilinso ndi kabatire kakang'ono kodzutsira kompyuta, kamene kakakalamba kamafuna kusinthidwa monga mwa masiku onse. Ndinena mosakayika kuti chisanu cha ku Ntchisi sichingaimitse galimoto ya magetsi, ndipo amene akana galimotoyi chifukwa cha zithunzi za ku Chicago akuopa chilombo cha m'dziko la eni, osaona zimene zili pakhomo pake.

Pakuti mdani weniweni wa batire m'dziko lathu ndi kutentha. Kuzizira kumangobwereka mphamvu nkuibweza batire likafunda, koma kutentha kumakalambitsa batire, ndipo chimene kwatenga sikubweza. Eni ma Leaf a ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, adaona zimenezi mu 2012, pamene mabatire awo adayamba kuchepa mphamvu patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa batire la Leaf imeneyo lidalibe madzi oliziziritsa monga ali nawo magalimoto ena. Nkhaniyi itikhudza kwambiri ife, chifukwa Mmalawi sagula galimoto yatsopano kawirikawiri. Timaitanitsa zakale za ku Japan pa intaneti, n'kukazitenga ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ndipo mwa magalimoto a magetsi otsika mtengo pa misika imeneyo Leaf yakale ndiyo yochuluka. Idzaoneka yosalala, yonyezimira, ya makilomita ochepa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa galimoto ya magetsi chofunsa si makilomita okha ayi, koma thanzi la batire, limene pa Leaf limaoneka pa timizere 12 ta pa dashibodi. Kamzere koyamba kakazima ndiye kuti pafupifupi magawo 15 pa 100 adapita kale. Galimoto yotsala ndi timizere 8, yochokera ku batire la mayunitsi 24, singakufikitseni ku Lilongwe kuchokera paboma pa Ntchisi, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, mtima uli m'malo. Ndipo ikakhala ya ku Salima kapena ku Nkhotakota, yoima padzuwa la mu Okutobala batire lili lodzaza, idzakalamba msanga koposa ya kumapiri. M'chinthu ichi chokha ife a kuzitunda tili ndi mwayi kuposa abale athu a kunyanja ndi a ku Chigwa cha Shire, ndipo mabatire a mtundu wa LFP, amene kampani ya ku China ya BYD imagwiritsa ntchito, ngakhale amafooka msanga m'chisanu choopsa, ndiwo opirira kutentha ndi zaka, kotero kuti chilema chimene a ku Norway amawadandaulira sichitikhudza konse.

Mapiri athu nawo ali ndi mawu ake pa nkhaniyi. Galimoto ya magetsi ikamatsika mtsetse, mota yake imasanduka jenereta, nibweza magetsi m'batire m'malo motentha mabuleki. Wotsika kuchokera ku Malomo kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota, kapena kuchokera ku Dowa kudzera pa Mvera kunka ku Salima, amatsika mamita mazana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ndipo adzaona muyeso wa batire ukuima kapena kukwera kumene. Koma pobwerera phiri lidzaitanitsa ngongole yake ndi chiwongoladzanja, pakuti kukweza galimoto yolemera tani imodzi ndi theka pa mtunda wotere kumadya mayunitsi oposa atatu pamwamba pa a ulendo womwewo, ndipo wowerenga mtunda wake potengera ulendo wopita adzagona panjira pa ulendo wobwerera. Pali kanthu kenanso kamene woyendetsa wa kumapiri ayenera kukadziwa: batire lodzaza kotheratu silingalandire magetsi ena, chotero wonyamuka pamwamba atatchaja mpaka pakamwa adzatsika ndi mabuleki okha. Za misewu ya fumbi ya kwa Nthondo ndi kwa Kasakula ndingonena kuti batire limakhala pansi pa galimoto, ndipo mwala umene pa galimoto ya petulo ukadangoboola sailensa, pa iyi ungathe kuwononga chinthu chodula koposa pa galimoto yonse.

Koma zonsezi ndi nthambi. Tsinde la nkhani ndi soketi ya pakhoma. Taona kuti chimene chidapulumutsa a ku Norway ndi chimene chidasowa kwa ovutika a ku Chicago ndi chimodzi chomwecho, ndicho malo pamene galimoto ingagone ikutchaja usiku uliwonse mosalephera. Galimoto yaing'ono imadya mayunitsi 15 kufikira 20 pa makilomita 100, ndipo soketi wamba ya m'nyumba, ikakhala ndi waya wabwino, ingathe kulowetsa mayunitsi amenewo m'maola asanu ndi atatu kapena khumi; mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi malita asanu ndi awiri a petulo a ulendo womwewo, ndipo palibe dola imene ituluka m'dziko. Pamenepo mtima umakondwa, kufikira utakumbukira kuti pa kalembera wa 2018 nyumba zounikira magetsi a ESCOM zidali pafupifupi imodzi mwa khumi m'dziko lonse, ndipo m'midzi zidali zochepa koposa. Magetsi athu ambiri achokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula pamene padayamba kugwira ntchito mu 1966, pa Tedzani ndi pa Kapichira; nyanja itaphwa mu 2016 ndi 2017 tidakhala mumdima maola ochuluka patsiku, ndipo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 adazima kwa nthawi yoposa chaka. Munthu amene galimoto yake idalira usiku umodzi wa magetsi osazima ayenera kuwerengera zimenezi asanatulutse ndalama.

Sindinena izi kuti nditaye mtima wa wina, pakuti zinthu zikusuntha. Ku Salima, kunsi kwa mapiri athu omwewa, kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene udatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu a lithium osungira mphamvu, wa mu 2022. Dzuwa la nyengo yachisanu, nkhungu ikangoyera, ndi labwino kwa sola, chifukwa magalasi ake amagwira bwino ntchito akakhala ozizira kusiyana ndi akatentha. Chipatala cha mishoni, sukulu ya sekondale kapena bungwe la alimi limene lili ndi denga lalikulu ndi galimoto yoyenda maulendo odziwika, kupita paboma ndi kubwerako, lingathe kutchaja masana ndi dzuwa lake lomwe, osadikira waya wa ku Nkula kapena thanki ya ku Beira. Amenewa, m'kuona kwanga, ndiwo oyenera kuyamba, osati munthu wa galimoto imodzi amene lero ali ku Madisi, mawa ku maliro ku Mzimba.

Ndipo ngati tifunsa kuti magetsi adzalowa bwanji m'misewu ya Ntchisi, ine ndiyesa kuti adzalowa pa mawilo awiri. Amene amanyamula odwala, matumba a soya ndi aphunzitsi m'boma lino ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto, amene gawo lalikulu la zimene apeza patsiku limathera pa petulo, kawirikawiri wa m'zigubu wa mtengo wokwera. Njinga ilibe chipinda choti ifunditse, chotero wakuba wamkulu uja alibe pogwira. Batire lake ndi laling'ono loti munthu anganyamule, ndipo ku Kigali kampani ya Ampersand yakhala ikuonetsa kuyambira 2019 kuti wa kabaza angathe kusiya batire lotha natenga lodzaza m'mphindi zochepa, osadikira kutchaja, ndiponso osagula batirelo, limene limakhala la kampani. Kanyumba kosinthira mabatire kokhala ndi sola padenga n'kotheka pa Kamsonga kapena pa Khuwi zaka zambiri makina akuluakulu otchajira magalimoto asanafike pa Mponela. Dziko la Ethiopia lidasankha njira yaukali mu 2024, poletsa kulowetsa magalimoto a anthu wamba oyendera mafuta, koma ilo lidatero litamanga damu lalikulu pa Blue Nile. Ife tiyenera kuyamba ndi chimene dzanja lathu lingafikire.

Pali chinthu chinanso chimene chimandikhudza mtima ndikamalingalira za mabatire amenewa, ndicho chakuti mbali imodzi ya m'kati mwake ndi graphite, mwala wakuda womwe uja uli m'pensulo, ndipo mwalawu uli pansi pa nthaka yathu: udadziwika kalekale pa Katengeza m'boma la Dowa, ndipo pa Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals yapeza wochuluka pamodzi ndi mwala wina wa rutile, kotero kuti kampani ya Rio Tinto idagulako gawo mu 2023. Ku Balama m'dziko la Mozambique akukumba kale. Chingakhale chinthu chomvetsa chisoni ngati mwala wa m'minda ya Achewa udzapita kukafunditsa magalimoto a ku Oslo, ife n'kumalandira mabatire ake atatha ntchito, opanda ngakhale malo owatayira moyenera.

Otsala ndi amisiri. Makaniko wa pa Mponela angathe kuphwasula injini ya Toyota pansi pa mtengo naibwezera isanakwane sabata, ndipo luso limenelo ndilo lasunga magalimoto akale a dziko lino pamsewu. Koma m'galimoto ya magetsi muli zingwe za mtundu wa lalanje zonyamula mavoti 350 kapena 400, zimene zingaphe munthu wozigwira ndi sipanala wamba, ndipo matenda ake ambiri amapezeka ndi kompyuta, osati ndi khutu. Ntchito zina zidzachepa, pakuti mulibe oilo wosintha, mapulagi kapena kilatchi, ndipo mabuleki amakhalitsa. Zina zidzabadwa, monga kuyeza thanzi la batire wogula asanalipire, kusintha zigawo zake zofooka, ndi kusandutsa batire lotopa pamsewu kuti likhale losungira magetsi a sola m'nyumba, kumene lingatumikire zaka zina zambiri. TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja a ku Lilongwe, ku Namitete ndi ku Salima ayenera kuyamba kuphunzitsa zimenezi tsopano, pamodzi ndi kupereka magolovesi oyenera ndi zoyezera, ndipo aitanenso amakaniko amene ali kale pantchito, chifukwa galimoto yoyamba ya magetsi ikadzaima pa msewu wa Mponela ndi Ntchisi, ndi iwo amene adzaitanidwa kudzatsegula boneti.